Timapepala ta M'dengu

Chaka chilichonse Khirisimasi ikangodutsa, Sekela ankakhala pansi kulemba mavesi a m'dengu. Mpingo wawo, kumtunda kwa Tukuyu, unali ndi mwambo wakuti m'mawa wa chaka chatsopano dengu lizizungulira m'tchalitchi, aliyense apise dzanja osayang'ana, atole kapepala kamodzi. Vesi limene watola ndilo loyenda nalo chaka chonse. Pankafunika timapepala mazana awiri, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi tonse tinkatuluka m'dzanja la Sekela, poti ndiye ankalemba zowerengeka.

Ntchitoyi ankathandizana ndi apongozi ake aamuna, a Mwakatobe, koma osakhala malo amodzi. Sekela anakwatiwa nthawi imene mkazi sankayang'ana nkhope ya bambo wa mwamuna wake, sankawatchula dzina, ndipo akawaona panjira ankapatukira m'nthochi. Atsikana a masiku ano anazisiya zimenezo. Iye, ngakhale mwamuna wake Gwakisa anali atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, sanaone chifukwa chosinthira. Choncho ankakhala m'nyumba, patebulo la pansi pa zenera. Akalemba timapepala khumi ankatiika m'lichero n'kulikankhira kunja, kunsi kwa nsalu ya pazenera. A Mwakatobe, ali pakhonde, ankatikulunga kamodzikamodzi n'kumanga ndi ulusi. Asanabatizidwe anali munthu wa fodya, ndipo zala zawo zinali zisanaiwale kukulunga.

Pakakhala mawu, ankadzera mwa Kapiteni, galu wokalamba amene ankagona pakati pa khomo ndi mpando wawo.

"Kapiteni," anatero a Mwakatobe tsiku limenelo, mvula ikuwaza pamalata, "chaka chino mpingo wonse ukusamuka. Titsala iwe ndi ine ndi nthochizi."

Sekela anaimitsa cholembera. "Kapiteni, tawafunsa bambo kuti aona chiyani."

"Uwauze kuti ndakulunga makumi asanu ndi limodzi. Aka kakuti nyamuka. Aka kakuti tuluka kwanu. Aka kakuti oloka, usaope madzi. Ndapeza titatu tokha tolola munthu kukhala pansi n'kumwa tiyi wake."

Galu anangogwedeza khutu. Sekela anakokera lichero m'nyumba, namasula timapepala tingapo. Zinali zoona. Sanazindikire pamene ankalemba. Ankangotsegula Baibulo monga mwa masiku onse, kupemphera pang'ono, ndi kulemba vesi limene lamugwira maso.

M'Baibulo momwemo munali kalata imene abusa anamupatsa masabata atatu apitawo. Inachokera ku sukulu ya mpingo ya ana osamva, kutali ku mapiri a Ufipa, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Ankafuna mayi wokhala ndi atsikana m'nyumba yawo yogona. Mphunzitsi wamkulu wa kumeneko anaona Sekela pa msonkhano wa amayi akumasulira ulaliki ndi manja kwa mtsikana wina wosamva, ndipo sanamuiwale. Sekela anakula ndi mlongo wake Lusajo, amene anabadwa wosamva, ndipo analankhula naye ndi manja mpaka tsiku limene anamwalira. Kalatayo inapempha yankho pofika pa 6 Januwale.

Ana ake anali atakula, Tumpale ali pabanja ku Mbeya, mnyamata akugwira ntchito ku Dar es Salaam. Tiyi wa kumunda akanatha kumusiyira wina. Koma pakhondepo panali munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu, amene ana ake onse amoyo anali m'matauni, ndipo iye anakana kalekale kukafera kumalo kopanda nthochi. Sekela ndiye ankawaphikira, kuwatenthetsera madzi, ndi kuwawerengera mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Akapita, adzawasiyira yani?

Anang'amba pepala lina n'kuyamba kulemba mavesi okhalitsa munthu pansi, onena za kudikira, za kukhala chete, za kulemekeza makolo. Atalemba asanu ndi atatu analeka. Awa ankawafunafuna dala, ndipo anaona kuti akunama kuposa poyamba.

Madzulo mvula itakata anatsikira kwa mnansi wake Ndimyake. Anamupeza akudulira ng'ombe thunthu la nthochi pakhomo la khola.

"Make Tumpale, nkhope imeneyo ndi ya munthu amene wameza njere ya peyala. Khala apo, usaponde ndowe."

Sekela anakhala pachitsa n'kufotokoza za kalata. Ndimyake anabaya chikwanje pathunthu.

"Masabata atatu. Ine ndikumva lero ngati mlendo wa pabasi. Tikamathyola tiyi mzere umodzi umangondiuza za mtengo wa sopo."

"Ndimafuna ndimve kaye kwa Mulungu."

"Ndiye wati chiyani?"

"N'zimene ndabwerera. Ndinati ndidikira dengu. Koma taganiza, amake Lugano. Ngati ndine ndimaika mawu m'dengumo, ndiyeno n'kukatola, walankhula ndani?"

Ndimyake anapukuta manja pachitenje. "Ine chaka chathachi ndinatola kakuti ndisadere nkhawa za mawa. Sindinadere. Mwezi wachitatu denga la kholali linagwa."

"Ndiye vesi linalakwa?"

"Linalakwa ndi denga. Vesi linandithandiza kuti ndisawamenye bambo a Lugano, amene anati mitengo yake ikadali yolimba."

Sekela anaseka pang'ono, koma funso lake linali likadalipo. Zaka zonsezi ankaona anthu akumasula timapepala take, wina n'kugwetsa msozi, wina n'kugwedeza mutu, ndipo sanadzifunsepo kuti mawu amene iye anasankha ali ndi chimfine, kapena ali ndi mkwiyo, amasanduka bwanji mawu a Mulungu kwa munthu wina.

"Bwera nazo kuno ndikulembere ine," anatero Ndimyake. "Mavesi ndimadziwa asanu ndi awiri. Ndingowabwereza."

"Zolemba zako sawerenga ndi mwana wako yemwe."

"Ndiye pita kwa abusa. Amadya nkhuku zathu chifukwa cha mafunso ngati amenewa."

M'mawa mwake anawapeza abusa a Mwaisaka akuchotsa matope panjinga yawo yamoto ndi kamtengo. Anamvetsera osasiya ntchito, kenako anaweramuka.

"Mayi, dengu lija si ula. Silinena kuti kwerani basi kapena musakwere. Ndi mawu oyenda nawo basi, monga munthu amanyamula kamba osadziwa kuti njala imupezera pati."

"Nanga munthu amadziwa bwanji, abusa?"

"Ine pobwera kuno ndinadziwa kuti n'kumene ndinaitanidwa patatha zaka zinayi ndili konkuno." Anaseka okha. "Musawauze akulu a mpingo."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lakale, lachikuto chodyedwa ndi mphemvu. Linali la mkulu wa mpingo wina, malemu, amene ankalemba timapepala Sekela asanayambe. Munali mavesi oposa mazana atatu, olembedwa motsatizana.

"Ngati dzanja lanu likukuvutani, kopelani umu. Yambani poyamba, musadumphe, musasankhe. Akulu aja sakudziwa za kalata yanu."

Sekela anakopera masiku awiri. Mavesi ena anali achilendo, oti iye sakanawasankha, onena za nyerere, za miyeso ya pamsika, za kubweza ng'ombe ya mdani ikasochera. Pakhonde a Mwakatobe ankakulunga mwakachetechete. Kamodzi kokha anati, "Kapiteni, tapulumuka. Zikuoneka kuti tikhala," ndipo Sekela sanadziwe ngati akuseka kapena ayi.

Tsiku la chaka chatsopano kunacha ndi nkhungu. Tchalitchi linadzaza mpaka m'mazenera, alendo a m'tauni atavala nsapato zosayenera matope. Oimba malipenga anayamba nyimbo aliyense pa nthawi yake, n'kukakumana pakati. Itatha nyimbo yachitatu, akulu awiri ananyamula dengu n'kuyamba kumbali ya abambo. Sekela, ali kumbali ya amayi, anayang'ana pansi mpaka litadutsa mzere wa apongozi ake.

Litafika kwa iye anatseka maso. Timapepala tinali tozizira, tonse tofanana, ulusi wake womangidwa mfundo imodzimodzi. Anapemphera mawu ochepa: Ambuye, ndine wosamva, lankhulani mmene ndingamvere. Anatola.

Linali funso lija Ambuye anafunsa ophunzira ake tsiku limene khamu la anthu linalibe chakudya, lakuti ali ndi mikate ingati, apite akaone.

Anawerenga kawiri, natembenuza kapepalako ngati kuseri kungakhale zina. Sanakhumudwe kwenikweni. Anangodabwa, monga munthu amene wafunsa njira n'kuuzidwa kuti nsapato yake yamasuka.

Panja Ndimyake anamulanda kapepalako. "Mikate? Pita kusitolo ukawerenge. Ine ndatola ka nyerere. Akuti ndikaphunzire kwa nyerere, ine amene ndimadzuka nkhuku zisanatsike."

Koma Sekela anayenda nalo funsolo mpaka kunyumba. Chimene chinamugwira si mikate ayi, koma mawu akuti akaone. Ophunzira aja anali atanena kale kuti n'zosatheka, asanapite n'komwe kukayang'ana m'matumba a anthu. Iyenso ankanena kuti apongozi ake alibe wina. Kodi anaonapo?

Nyumba ya a Mwakatobe inali kuseri kwa mpanda wa mitengo ya khofi, khomo lake loyang'ana kumsewu. Sekela ankafikako podzera kumbuyo. Ankaika chakudya pampando wa pafupi ndi pakona, kutsokomola kamodzi, n'kubwerera. Mbale ankazipeza pomwepo zili zotsuka. Zaka makumi awiri ndi zitatu anali asanayang'anepo khomo limenelo. Mizere yakumtunda ya tiyi wake inali poonekera bwino, koma pothyola kumeneko nthawi zonse ankafulatira.

Tsiku lotsatira anapita kumtunda kuja kusanawale bwino, dengu lili kumsana, ndipo anatembenuka. Anadziuza kuti sakuyang'ana apongozi, akuyang'ana njira yolowera kwawo. Ngakhale zinali choncho makutu ake anatentha.

Woyamba kufika anali Ndimyake. Anatulukira m'nthochi mofulumira, anaika chipanda cha chambiko pamwala wa pakhomo, anatenga china chopanda kanthu, n'kubwerera osagogoda. Dzuwa litakwera pang'ono kunadutsa mwamuna wa njinga yamoto yonyamula anthu. Anaima pamsewu, analiza belu, nadikira. Ndodo ya a Mwakatobe itatukulidwa pakhomo kusonyeza kuti adzuka bwino, anapitirira. Mayi wina wopita kumsika anatsitsa mapeyala awiri pamwala uja osaimitsa n'komwe nkhani imene ankakamba ndi mnzake.

Cha m'ma teni kunabwera a Mwangosi, nkhalamba yoimba lipenga lalikulu, atanyamula dengu lothyolera tiyi lobooka pansi. Sekela anaona miyendo ya apongozi ake ikutambasuka padzuwa, manja akulandira dengu lija n'kuyamba kuliluka. Pakhoma panali madengu ena atatu odikira. Sankadziwa kuti amaluka. Mawu a nkhalamba ziwirizo ankamveka mpaka kumtunda, akukangana za amene anathamangitsa nyimbo dzulo lake.

Masana anatsika, anaphika nthochi ndi nyemba, anakaika pampando, anatsokomola. M'malo molowa m'nyumba anabwereranso kumtunda. Anaona a Mwangosi akutulutsa supuni m'thumba la jekete. Anadya awiri mbale imodzi. Sekela anakumbukira mmene ankanyadira pouza Tumpale pafoni kuti agogo ake amamaliza mbale yonse.

Anachita zimenezi masiku atatu. Tiyi amene anathyola anali wochepa, koma anaona zambiri. Lachisanu a Mwangosi anabwera ndi lumo n'kuwameta ndevu. Mayi wa mapeyala anabweretsa dengu lake lothyoka chogwirira. Wa njinga uja tsiku lina ndodo itachedwa anatsika, anakasuzumira pakhomo, n'kutuluka akuseka, atakalipidwa.

Madzulo a tsiku lachitatu anakhala patebulo n'kuganiza zonse anaziona. Zinalipo, zambiri kuposa mmene ankaganizira. Koma sizinali zokwana. Panalibe wophika, panalibe wosonkha moto wa madzulo, panalibe wodziwa kuti piritsi loyera ndi la m'mawa, lofiira la madzulo. Anakumbukira kuti nawonso ophunzira aja atapita kukaona anapeza zochepa, zosakwanira ngakhale mzere umodzi wa anthu. Sanadziwe ngati zimenezi zikumuuza kuti apite kapena akhale.

Anatsikiranso kwa Ndimyake.

"Chambiko chija unayamba liti?"

Ndimyake sanatembenuke, anapitiriza kukama. "Wayamba ukazitape tsopano? Chaka chimene Gwakisa anatisiya."

"Osandiuza?"

"Ndikuuze kuti utani, undilembere vesi?"

Sekela anamvetsera mkaka ukulira m'chidebe. Kupempha kunali komuvuta kuyambira ali mwana. Pomaliza ananena za mapiritsi, za moto, za mphika.

"Mapiritsi ndingathe. Mphika wanga ndi waukulu, mbale imodzi siwuchepetsa."

"Ziwiri. Amadya ndi a Mwangosi."

"Ndimadziwa, ndiwe wekha sumadziwa. Koma mchere wako uja wongonunkhiza sindingathe."

"Adokotala anati ukhale wochepa."

"Adokotala sadya nawo." Ndimyake anaimirira n'kutsamira ng'ombe. "Za moto tikamba ndi amayi a chigawo chathu, tizisinthana. Ana awo nawonso atumize kenakake, asamangoyimba foni pa Khirisimasi. Koma iwe make Tumpale, wazungulira mudzi wonse. Eniake wawafunsa?"

Anali asanawafunse. Panatsala tsiku limodzi.

Madzulo a pa 5 Januwale, dzuwa lisanalowe, a Mwakatobe anabwera pakhonde monga ankachitira kukacha bwino, poti khonde la Sekela ndilo linkalandira dzuwa lomaliza. Sekela anamva mpando ukulira. Anakhala patebulo lake, nayang'ana kunsi kwa chitseko pamene galu ankagona. Panalibe.

"Kapiteni watsatira a Mwangosi," anatero a Mwakatobe, ngati akuuza nthochi. "Kwawo kwaphedwa nkhumba."

Nkhuku zinadutsa pabwalo. Sekela anaganiza zodikira galu, koma anadziwa kuti sabwera mafupa asanathe.

"Bambo," anatero.

Mpando unaliranso. Kenako kunamveka kutsokomola kwautali, kosachokera pachifuwa.

"Ndikumva, mayi."

Anafotokoza zonse, maso ali pansalu ya pazenera: kalata, sukulu, atsikana makumi atatu ndi awiri, tsiku la mawa. Mawu ake ankamveka achilendo, ngati wavala nsapato za wina.

"Za kalatayo ndinamva tsiku lomwe inafika," anatero a Mwakatobe. "Kuno kalata imawerengedwa isanatsegulidwe. Ndimadikira kuti Kapiteni andiuze, koma galu uja ndi wachinsinsi."

"Ndimaopa."

"Mukufuna ndinene kuti pitani, mtima wanu upepuke. Sindinena. Sindikufuna kuti mupite. Ndine wokalamba, ndimafuna madzi otentha pa nthawi yake, ndipo amake Lugano amaphika ngati akulanga munthu."

Sekela anagwira m'mphepete mwa tebulo. Ankayembekeza kuti mawu amenewa amupatsa mpumulo, poti nkhani ikanathera pomwepo. Koma mpumulowo sunabwere, ndipo apo m'pamene anadziwa kukula kwa kufuna kwake kupita.

"Ndiye ndikhala, bambo."

"Sindinamalize. Zofuna zanga sizinalembedwe m'Baibulo. Pali chimene chakhala chikundivuta. Ana amenewo, osamva, osalankhula, amapemphera bwanji?"

"Ndi manja."

"Pemphero lomweli la Ambuye?"

"Lomweli."

"Ndingaone?"

Sekela anayang'ana nsalu ija. Chinenero cha manja chimafuna nkhope, koma nkhope sakanatha kuionetsa. Anaimirira, anapinda manja a bulauzi, napisa mikono yake kunsi kwa nsalu mpaka m'zigongono. Kunja mphepo inali yozizira. Anayamba pang'onopang'ono, akutchula liwu lililonse chapansipansi kuti nkhalambayo itsatire. Poyamba zala zinali zouma. Atafika pa chakudya cha lero zinamasuka zokha, ndipo anapezeka akuchita monga Lusajo ankachitira, mofulumira, chala chaching'ono chitatukuka. Anamaliza n'kusiya manja ali pazenera, osadziwa choti achite nawo.

"Bwerezani pa kukhululuka paja."

Anabwereza.

"Ngati munthu akupukuta tebulo."

"Inde, bambo."

"Hm." Anapuma mozama. "Zaka makumi awiri ndi zitatu manja amenewa akundiphikira, ine osadziwa kuti amalankhula."

Sekela anabweza manja m'nyumba n'kuwafunditsa m'chitenje.

"Musandiuze kuti iwo ndi makumi atatu ndi awiri, ine ndili mmodzi," anapitiriza a Mwakatobe. "Masamu amenewo ndi a boma. Koma ndifunse. Tsiku lija munadzaza lichero ndi mavesi onyamutsa anthu, munali mutapemphera?"

"Ndinapemphera."

"Nanga munadziwa bwanji kuti dzanja linali lanu lokha?"

"Likhoza kukhala langa lokha, bambo. Mwina ndangotopa ndi tiyi."

"Likhoza. Ine pobatizidwa theka la mtima linkafuna Yesu, theka linkafuna amake Gwakisa, amene anakana kukwatiwa ndi wosuta. Mulungu analandira zonse, anakasankhula yekha pambuyo pake." Mpando unalira, ndodo inagunda pansi. "Sindinanene kuti pitani. Mukapita ndidzadandaula, ndipo ndidzauza aliyense wodutsa pamsewu. Koma mukakhala chifukwa cha madzi anga osamba, ndidzawasamba ndi manyazi. Msewu wa ku Ufipa ndi womwewo wobwerera. Mukakapeza kuti simunaitanidwe, nyumba yanu sitiipasula."

Anatsika pakhonde pang'onopang'ono. Ali pabwalo anaima.

"Muwauze amake Lugano kuti lofiira ndi la madzulo. Mayi uja samva zinthu kamodzi."

Sekela anakhala patebulopo mpaka nthawi yosonkha moto. Sanamve liwu lililonse, ndipo mantha sanachoke. Anapemphera kuti ngati akulakwitsa, kulakwitsako kugwere iye, kusagwere nkhalamba.

M'mawa wa pa 6 Januwale anatenthetsa madzi, anaika mapiritsi m'kambale, anatsokomola pakona. Kenako anakwera mpaka pamsewu waukulu, pamene foni imagwira bwino, n'kuyimba nambala ya m'kalata. Anayankha mphunzitsi wamkulu uja, mayi wa mawu osasa ngati wadzuka ndi chimfine.

"Ndibwera," anatero Sekela. "Ndilonjeze chaka chimodzi kaye. Ndili ndi bambo okalamba kuno, pa tchuthi chilichonse ndizibwerera."

"Chaka chimodzi tilandira. Sukulu titsegula pa 20. Mubwere ndi mabulangete awiri, kuno kumazizira mosiyana ndi kwanuko, n'kouma. Ndipo ndikuuzirenitu, kuti musadzati tinakubisirani. Pali kamtsikana kena kanabwera chaka chatha, ka zaka zisanu ndi ziwiri. Kwawo sanakaphunzitse chizindikiro ngakhale chimodzi. Kamaluma."

"Kamaluma ndani?"

"Aliyense. Ine kawiri."

"Kamaluma kakafuna chiyani?"

"Palibe anafunsapo zimenezo. Sitikudziwa."

"Dzina lake ndani?"

"Venansia."

Atatseka foni anaima kaye pamsewu, basi ya ku Mbeya ikudutsa ndi kumuwaza madzi a m'matope. Panali zambiri zoti achite: kuuza abusa, kuyimbira ana, kupeza wothyola tiyi, kuphunzitsa Ndimyake za mchere. Anayamba kutsika. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene sanauzidwepo kuti zinthu zili ndi mayina, angayambe naye pati? Madzi mwina, kapena chakudya. Kapena ayambe ndi dzina la mwanayo, limene mwiniwake sanalimvepo. Anayesa kulipanga ndi zala, njira iyi ndi iyo, akuyenda, mpaka mayi wina wosenza nthochi anamupatukira n'kumuyang'ana.